Zoyenera kuchita musanagule RAM ndi zipangizo zakale za kompyuta pamene mitengo yakwera

Kwa zaka zambiri anthu odziwa za makompyuta akhala akulangiza kuti makina akayamba kuchedwa, njira yotsika mtengo yowabwezeretsa mphamvu ndi kuwonjezera RAM, memori yomwe kompyuta imasungamo kwa kanthawi zinthu zimene ikugwiritsa ntchito, komanso kuti chipangizo chikamakalamba mtengo wake umatsika chaka ndi chaka. Malangizo amenewa anasiya kugwira ntchito mu 2025. Pakati pa chakacho RAM ya mtundu wa DDR4, yomwe inafika pamsika mu 2014, inakwera mpaka ma chip ake ena anaposa a DDR5 yomwe ndi yatsopano, ndipo pofika kumapeto kwa chaka DDR5 nayo inali itakwera kowirikiza, mwina kuposa pamenepo. Ma SSD, omwe ndi madisiki osungira mafayilo opanda gawo lozungulira, anatsatira, kenako mapurosesa (ubongo wa kompyuta) ndi ma motherboard (bolodi lalikulu lomwe zipangizo zonse zimalumikizidwapo) akale omwe anthu anayamba kuwasaka pothawa mtengo wa makina atsopano.

Ndi bwino kudziwa gwero la vutoli musanatulutse ndalama, chifukwa gwerolo ndi lomwe lingakuuzeni ngati kudikira kuli ndi phindu. Pafupifupi RAM yonse ya padziko lapansi imachokera ku makampani atatu, omwe ndi Samsung ndi SK hynix a ku South Korea, ndi Micron ya ku America. Makampani omanga nyumba zikuluzikulu za makompyuta a AI (nzeru zopangidwa ndi makina) akugula memori yapadera yotchedwa HBM pa mtengo wokwera kwambiri, ndipo memori imeneyi imapangidwa m'mafakitale omwewo amene amapanga RAM wamba. Micron inanenapo kuti HBM imadya silikoni wochuluka pafupifupi katatu poyerekeza ndi DDR5 ya kukula kofanana. Munda ndi womwewo, koma mwini wake waona mbewu yomwe ikugulidwa bwino, choncho mizere ya mbewu zina akuichepetsa. DDR4 ndi yomwe inayamba kusiyidwa, ndipo mu Disembala 2025 Micron inalengeza kuti ikutseka malonda a Crucial, dzina lomwe kwa zaka zambiri inkagulitsira RAM ndi ma SSD kwa anthu wamba.

Choyamba, tsimikizani kuti RAM ndi yomwe ikuperewera

Anthu ambiri amagula RAM pamene vuto lili pena, ndipo cholakwika chomwe kale chinkangodya ndalama zochepa lero chikupweteka thumba. Yatsani kompyuta, tsegulani mapulogalamu onse amene mumagwiritsa ntchito pa tsiku lotanganidwa, ndi masamba a pa intaneti ochuluka monga mwa chizolowezi chanu, kenako dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti Task Manager itseguke. Pitani pa Performance, musankhe Memory. Musathamangire kuweruza ndi nambala ya memori yomwe ikugwiritsidwa ntchito yokha, popeza Windows imakonda kudzaza memori yopanda ntchito ndi zinthu zomwe ikuganiza kuti muzifuna, ndipo imazitaya msanga pakafunika malo. Nambala zomwe zikunena zoona ndi ya Available, yomwe ndi memori yotsala, ndi yoyamba mwa ziwiri za pa Committed, yomwe ndi memori yonse yomwe mapulogalamu apempha. Ngati Available ikungotsala pang'ono nthawi zonse, ndipo Committed ikuposa kutali RAM yomwe muli nayo, makinawo akutuladi pa disiki zomwe zasowa malo mu RAM ndipo kuwonjezera RAM kudzathandiza. Pa Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, lamulo la free -h limaonetsa zomwezi, ndipo mzere wa swap, woonetsa zomwe zatulidwa kuchoka mu RAM, ndi womwe muyenera kuuyang'anitsitsa.

Musanatseke zenera limeneli, onaninso mzere wa Disk. Ngati ukukhala pa 100 peresenti pomwe memori ikadali ndi malo, ndipo pansi pake palembedwa HDD, mdani wanu ndi hadi disiki yozungulira. SSD yaing'ono ya SATA (yolumikizidwa mofanana ndi hadi disiki), ngakhale nayo yakwera, idzasintha makinawo kuposa RAM iliyonse yomwe mungagule. Ngati kompyuta imayamba bwino koma imafooka ikatentha, fani ikulira ngati ikufuna kuuluka, yambani mwachotsa fumbi ndi kusintha phala la pakati pa purosesa ndi choziziritsira chake.

Chachiwiri, pezani malo popanda kugula kanthu

Sitepe iyi ndi yaifupi koma siyenera kudumphidwa. Mu Task Manager momwemo muli gawo la Startup, ndipo mapulogalamu ambiri amene amadziyatsa okha kompyuta ikamadzuka safunika kutero. Chrome ili ndi Memory Saver ndipo Edge ili ndi njira yogonetsa masamba omwe simukuwawerenga. Zowonjezera za mu browser zomwe munaiwala kuti munaziika zichotseni. Makina akale kwambiri amapuma bwino ndi Linux yopepuka monga Linux Mint Xfce kapena Lubuntu, makamaka mukayatsa zram, yomwe imafinya zomwe zili mu memori m'malo mozitumiza ku disiki. Mukatha zonsezi yezaninso. Nthawi zina 8 GB yomwe inkaoneka yochepa imakwanira kwa chaka china.

Chachitatu, dziwani bwinobwino RAM yomwe makina anu amalandira

Apa ndi pomwe ndalama zambiri zimatayika, ndipo pa msika wa zinthu zosowa wogulitsa sakhala wofunitsitsa kulandiranso katundu amene mwagula molakwitsa. Mibadwo ya RAM silowana. DDR3 ya kompyuta ya pa desiki ili ndi mapini 240, DDR4 ili ndi 288, ndipo DDR5 ilinso ndi 288, koma kampata ka pakati pa mapiniwo kali pa malo osiyana mwadala kuti isalowe pomwe siyenera. Ya laputopu, yomwe imatchedwa SO-DIMM, ndi yaifupi, ndipo ili ndi mapini 204 pa DDR3, 260 pa DDR4 ndi 262 pa DDR5. Mukaona kuti RAM ikukana kulowa, musakakamize, chifukwa chomwe chingathyoke ndi slot, malo olowetsamo RAM pa motherboard.

Task Manager imaonetsa liwiro, mtundu ndi ma slot omwe agwiritsidwa ntchito, koma pa malaputopu ena imanena kuti pali slot yopanda kanthu pomwe kulibe. Pulogalamu yaulere ya CPU-Z, pa gawo la SPD, imatchula zambiri za chidutswa chilichonse, ndipo pa Linux lamulo la sudo dmidecode -t memory limachita chimodzimodzi. Komabe palibe chomwe chimaposa kutsegula makina n'kuona ndi maso, komanso kuwerenga buku la wopanga kuti mudziwe malire a RAM yomwe motherboard ingalandire. Malaputopu ambiri opyapyala ali ndi memori ya LPDDR yowotcheredwa pa bolodi, ndipo makompyuta a Apple okhala ndi ma chip a M ali ndi memori yomangidwa pamodzi ndi purosesa. Makina otere sawonjezereka, ndipo aliyense wolonjeza kuti akuikirani RAM yochuluka pa mtengo wotsika muyenera kumukayikira.

Phunziraninso kuwerenga kapepala komatidwa pa RAM, pakuti kamanena zambiri kuposa wogulitsa. Tiyerekeze kuti mwanyamula kachidutswa kolembedwa 8GB 1Rx8 PC4-2666V-SA1. PC4 ikutanthauza DDR4, 2666 ndi liwiro lake, ndipo chilembo choyamba pambuyo pa kamzere kotsatira, chomwe apa ndi S, chikunena kuti ndi ya laputopu. Pakanakhala U, ikanakhala ya kompyuta wamba ya pa desiki. Pakakhala R, imeneyo ndi RAM ya seva, kompyuta yaikulu yotumikira makompyuta ena, ndipo ngakhale ilowe bwinobwino mu slot, kompyuta wamba siyaka nayo. RAM ya seva yochotsedwa m'makina akale imapezeka yambiri ndipo mtengo wake umakopa, choncho chilembo chimodzichi chapusitsa anthu ambiri. Pa DDR3 kalembedwe kamasiyana pang'ono. PC3L-12800S ndi DDR3L ya laputopu, ndipo mukagawa 12800 ndi 8 mupeza liwiro la 1600. Chilembo cha L ndi chofunika kwambiri, chifukwa DDR3 wamba imafuna mavoti 1.5 pomwe DDR3L imafuna 1.35, ndipo malaputopu ambiri okhala ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wachinayi amakana ya 1.5. Ngati muli ndi mwayi wosankha, tengani ya L, popeza nthawi zambiri imagwira ntchito m'makina a mitundu yonse iwiri.

Chachinayi, gulani zokwanira ntchito ya lero

Pamene mitengo inali pansi, kugula RAM yochuluka pokonzekera zaka zisanu zikubwerazo kunali nzeru. Lero kutero ndi kulipira mtengo wa nthawi ya kusowa pa chinthu chomwe simunayambe kuchifuna. Pa ntchito za mu ofesi, sukulu ndi intaneti, 8 GB imayenda ndipo 16 GB imapereka mtendere. Masewera ambiri amakwanira mu 16 GB. Okonza mavidiyo ndi oyendetsa makina angapo mkati mwa kompyuta imodzi ndi amene amafunikadi 32 GB kapena kuposa, ndipo iwowo amadziwa kale chifukwa zomwe anayeza poyamba zija zinawauza.

Ngati muli ndi chidutswa chimodzi ndipo slot ina ilibe kanthu, njira yotsika mtengo ndi kugula chachiwiri chofanana kukula, osati kutaya chakale n'kugula ziwiri zatsopano. Zidutswa ziwiri zimalola purosesa kulankhula ndi memori kudzera m'njira ziwiri nthawi imodzi, ndipo phindu lake limaoneka kwambiri m'makina omwe alibe khadi la zithunzi lapadera. Ena amaopseza kuti kusakaniza RAM ya makampani osiyana ndi koopsa. Zoona zake n'zakuti pa DDR3 ndi DDR4 zoyenda pa liwiro wamba, kusakaniza kumayenda nthawi zambiri, kungoti zonse zimatsika kufika pa liwiro la chidutswa chochedwa. Mavuto amachuluka mukamafuna liwiro lapamwamba la XMP kapena EXPO, njira zothamangitsira RAM kuposa liwiro wamba, ndiponso pa DDR5 mukadzaza ma slot anayi. Za magetsi amitundumitundu ndi zitsulo zokongoletsa RAM sindinganene zambiri, koma dziwani kuti sizithamangitsa kompyuta ndipo mumazilipira.

Chachisanu, sankhani mwanzeru zomwe mungagule zogwiritsidwapo kale ntchito

Zipangizo sizikalamba mofanana. RAM ndi purosesa zilibe gawo loyenda kapena lotha ndi kulembedwa, choncho zikayesedwa n'kupezeka zabwino zimatha kugwira ntchito zaka zambiri, ndipo kuzigula zakale ndi nzeru. Pa purosesa ya AMD ya soketi ya AM4 (soketi ndi malo omwe purosesa imakhala pa motherboard) yang'anani mapini a pansi pake powala bwino kuti muone ngati palibe lopindika, ndipo pa motherboard ya Intel yang'anani mapini a mu soketi, chifukwa kumeneko ndi komwe ali. Khadi la zithunzi lili pakati pa zipangizo zolimba ndi zomwe zimatha. Liyeseni ndi ntchito yolemetsa kwa nthawi ndithu, mumvetsere mafani ndi kuona ngati pa sikirini sipakutuluka timadontho kapena timizere tachilendo.

SSD ndi hadi disiki zimatha ndithu, ndipo zikafa zimapita ndi mafayilo anu. Musagule yakale musanaione mu CrystalDiskInfo kapena pulogalamu ina yowerenga SMART, yomwe imaonetsa maola omwe yagwira ntchito, kuchuluka kwa zomwe zinalembedwapo ndi magawo owonongeka omwe inawalambalala. Hadi disiki yomwe yayamba kuonetsa magawo otere isiyeni ngakhale itatsika mtengo bwanji. Chopereka magetsi cha mu kompyuta ndi chinthu chomwe ine sindingalangize munthu kugula chakale kwa munthu wosamudziwa, chifukwa chikaphulika chikhoza kuwotcha RAM ndi motherboard zomwe mwazivutikirazo.

Kusowa kwa katundu kumabweretsa achinyengo. Pali RAM yomatidwa kapepala konena kukula kapena liwiro labodza, ndipo pali ma SSD ndi mafulashi okonzedwa kuti azinena kuti ndi aakulu pomwe mkati mwake ndi aang'ono, moti mafayilo amayamba kusowa malo enieniwo akadzaza. Mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi wa ena onse pa nthawi ngati ino ndi chenjezo, si mwayi. Pemphani chithunzi chooneka bwino cha kapepala ka pa chipangizocho, funsani ngati pali waranti, ndipo gwirizanani ndi wogulitsa, makamaka polemberana, kuti mudzabweza katunduyo akalephera mayeso.

Chachisanu ndi chimodzi, ikani mosamala ndipo yesani tsiku lomwelo

Zimitsani kompyuta, zulani chingwe cha magetsi, ndipo pa laputopu chotsani kapena zulani batire ngati n'kotheka. Gwirani chitsulo cha bokosi la kompyuta kuti magetsi a m'thupi lanu achoke, ndipo RAM muigwire m'mbali, osakhudza mapini ake. Pa kompyuta ya pa desiki tsegulani timakomo ta m'mphepete mwa slot, lunjikitsani kampata kaja, n'kukanikiza mbali zonse ziwiri mpaka timakomoto titseke tokha ndi kaphokoso. Pa motherboard ya ma slot anayi, zidutswa ziwiri kawirikawiri zimalowa mu slot yachiwiri ndi yachinayi kuchokera pa purosesa, zomwe mabuku amazitcha A2 ndi B2. Ya laputopu imalowa mopendekeka kenako mumaitsitsa mpaka timawaya ta m'mbali tiigwire. Makina a DDR5 akhoza kukhala ndi sikirini yakuda kwa mphindi zingapo poyaka koyamba pamene akuzolowerana ndi memori yatsopano, choncho musathamangire kuzimitsa.

Kuyaka kwa kompyuta si umboni woti RAM ndi yabwino. RAM yowonongeka pang'ono imalola Windows kuyaka, n'kumadzawononga mafayilo mwakachetechete kapena kugwetsa makina kamodzi pa sabata, ndipo pofika nthawi yomwe mwazindikira, wogulitsa sakuyankhanso. Ikani pulogalamu yoyesa RAM ya MemTest86 kapena Memtest86+ pa fulashi, yatsirani kompyuta pa fulashiyo, ndipo muisiye izungulire kangapo, ngakhale usiku wonse. Cholakwika chimodzi chokha n'chokwanira kukana katunduyo, koma musanaweruze, yesani chidutswa chilichonse pachokha, XMP itazimitsidwa, komanso mu slot ina, kuti mudziwe ngati vuto lili pa RAM, pa liwiro lomwe mwasankha kapena pa motherboard. SSD kapena fulashi yatsopano yokayikitsa iyeseni ndi H2testw, yomwe imalemba mpaka kudzaza chipangizo chonse n'kuwerenganso, ndipo chitani zimenezi musanaikemo mafayilo anu.

Kukonza makina akale kapena kugula atsopano

Funso ili ndi lomwe limafuna kuwerengera mofatsa. Kusamukira ku m'badwo watsopano sikutanthauza kugula purosesa yokha. Soketi ya AM5 ya AMD, yomwe inatuluka mu 2022, imalandira DDR5 yokha, choncho mumagula purosesa, motherboard ndi RAM nthawi imodzi, ndipo RAM yomwe kale inali gawo laling'ono la ndalamazo tsopano ikhoza kukhala gawo lalikulu. N'chifukwa chake munthu amene ali kale ndi DDR4 yokwanira ali ndi chuma m'manja. Motherboard zambiri za AM4, ngakhale zogulidwa mu 2017 kapena 2018, zimalandira mapurosesa a Ryzen 5000 mukaika mtundu watsopano wa BIOS, pulogalamu ya mu motherboard yomwe imayatsa makina, ndipo BIOS muyenera kuisintha purosesa yakale ikadali m'malo mwake. Kumbali ya Intel, mapurosesa a m'badwo wa 12, 13 ndi 14 amagwira ntchito ndi DDR4 kapena DDR5 malinga ndi motherboard yomwe mwasankha, zomwe zimakulolani kusamuka ndi RAM yanu yakale. Chenjerani kokha kuti anthu ambiri aganiza zomwezi, moti mapurosesa apamwamba a AM4 monga Ryzen 7 5800X3D akusakidwa kwambiri ndipo ena akuwagulitsa pa mtengo womwe sugwirizana ndi zaka zake. Purosesa ya pakati ya m'badwo womwewo nthawi zambiri imapereka phindu lalikulu pa ndalama zochepa.

Pali msampha wina umene sukhudza mtengo wa zipangizo. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna TPM 2.0, kachipangizo ka chitetezo, ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kapena ya Ryzen 2000 kupita m'tsogolo. Pafupifupi makina onse okhala ndi DDR3 yochotseka ali kunja kwa mndandanda umenewu. Kuwawonjezera RAM n'kwanzeru ngati mtengo wake ndi wochepa ndipo mwakonzeka kuwayendetsa pa Linux, koma kuthira ndalama zambiri m'makina otere pofuna kupitiriza ndi Windows ndi kugula nthawi yochepa pa mtengo waukulu. Ngati mwafika poti kugula kwina n'kosapeweka, yerekezani mtengo wa zipangizo zogula chimodzichimodzi ndi wa kompyuta yomangidwa kale kapena ya mu ofesi yogwiritsidwapo ntchito, chifukwa nthawi zina makina athunthu amachedwa kukwera poyerekeza ndi RAM yogulitsidwa payokha.

Kudikira kapena kugula tsopano

Mitengo ya memori inakwerapo kale. Moto womwe unabuka pa fakitale ya SK hynix ku Wuxi m'dziko la China mu 2013 unaikweza, monga momwe madzi osefukira ku Thailand anakwezera mahadi disiki mu 2011, ndipo mu 2017 ndi 2018 RAM inakweranso isanagwe mu 2019. Ngozi imatha fakitale ikakonzedwa, koma kukwera kwa ulendo uno kwachokera pa chisankho cha opanga okha. Makampaniwa anataya ndalama zambiri mu 2023 pomwe memori inachuluka n'kugwa mtengo, choncho sathamangira kuwonjezera katundu, ndipo fakitale yatsopano ya ma chip imatenga zaka zingapo kuti imangidwe ndi kuyamba kutulutsa kanthu.

Pa chifukwa chimenechi muyenera kusiyanitsa DDR5 ndi DDR4. DDR5 ikupangidwabe yambiri ndipo mtengo wake udzatsika mafakitale akachuluka kapena ogula a AI akachepetsa, choncho amene makina ake akuyenda bwino akhoza kudikira. DDR4 yatsopano ikusowa chifukwa opanga akuluakulu akuisiya, ndipo mpumulo wake udzachokera makamaka ku makina akale omwe akuphwasulidwa. Ngati kompyuta yanu ndi yomwe imakubweretserani ndalama ndipo mayeso aonetsa kuti RAM ikuperewera, gulani chidutswa chimodzi chomwe mukufunacho tsopano, popeza maola otayika podikira makina ochedwa nawonso ndi ndalama. Kugula zambiri n'kusunga poyembekezera kudzagulitsa mokwera ndi juga, ndipo mbiri ya msika umenewu ikuonetsa kuti ukagwa umagwa mofulumira.

Makina akufa omwe ali m'nyumba kapena mu ofesi musawataye musanawatsegule. Laputopu yosweka sikirini kapena kompyuta yopsa motherboard kawirikawiri imakhala ndi RAM ndi SSD zamoyo. Zichotseni, muziyese monga tafotokozera, mufufute mafayilo onse pa SSD musanaipereke kwa munthu wina, ndipo RAM muisunge m'kathumba koteteza ku magetsi a m'thupi, pamalo ouma, mutalemba pa kathumbako mtundu, kukula ndi tsiku lomwe munaiyesa.